Sikipa Ikamalankhula, Akulankhula Ndani?

(Pulogalamu ya maphunziro. Ng'oma zotsegulira, kenaka zitsike pang'onopang'ono.)

MUULUTSI: Madzulo ano tikamba za mawu olembedwa pa zovala.

Mawa m'mawa mukaime pambali pa msewu m'komboni ya Nabvutika, nthawi imene anthu akupita m'tauni kukasaka ya ufa ndi ndiwo, muyang'ane pachifuwa ndi kumsana kwa odutsa. Mnyamata wonyamula anthu pa njinga wavala sikipa ya dzina la yunivesite ya ku America. Mayi wosenza tomato wamanga chitenge cha chipani, pamwamba pake sikipa ya mpikisano wothamanga umene unachitikira kutsidya kwa nyanja zaka zapitazo. Mwana wa sukulu ali ndi kapu ya tsamba la chamba. Zolembedwa zambiri n'zopanda vuto. Koma zilipo zoputa dala: zotukwana, zonyoza akazi, zotamanda kuledzera, zotulutsira pabwalo nkhani za kuchipinda, zina zomveka ngati wovalayo akuitana amuna. Mawu oterewa akakhala pachifuwa cha munthu, kodi akutiuza za mtima wake? Kodi tingamuweruze nawo?

Maganizo anga ndiwanena poyambirira pomwe kuti muziwayesa pamene tikupita. Mawu a pa chovala amalankhula ndithu, ndipo wodziwa kuwerenga amawamva. Koma kuno kwathu, nthawi zambiri mwini mawuwo si amene wawavala. Ndiponso ngakhale wovalayo atawasankha yekha, akudziwa tanthauzo lake, palibe mawu a pa nsalu amene amapatsa munthu wina chilolezo chomugwira, kumuvula kapena kumumenya.

Tiyambe ndi kumene zovalazi zimachokera. M'nthawi ya boma la Kenneth Kaunda nsalu zambiri zinkapangidwa m'dziko momwe muno, ku Kafue Textiles ndi ku Mulungushi Textiles ku Kabwe. Chuma chitavuta m'zaka za m'ma 1980, makamakanso boma la Frederick Chiluba litamasula malonda pambuyo pa 1991, salaula inadzaza misika yonse. Anzathu a ku Malawi amati kaunjika, koma katundu ndi yemweyo. Munthu wa ku Britain, ku Canada kapena ku United States akatopa nayo sikipa, amakaisiya ku mabungwe othandiza osauka. Mabungwewo amagulitsa zochuluka kwa makampani amene amazisankhula, kuzipanikiza m'mabelo, ambiri olemera makilogalamu 45, ndi kuzikweza pa sitima zapamadzi. Mabelo amatsikira pa madoko monga Dar es Salaam ndi Beira, n'kuyenda pa malole mpaka kufika m'masitolo a pikulitsa. Mayi amene amagula belo kuti akagulitse ku Saturday Market kapena ku Kapata amagula losatsegula. Amadziwa kuti ndi la masikipa, koma zolembedwapo amaziona atadula kale mawaya, ndalama itapita.

Nanga wogula amayang'ana chiyani? Amakoka nsalu kuti amve kulimba kwake. Amaona ngati m'khosi simunatanuke, ngati m'khwapa simunang'ambike, ngati imukwana mwana mpaka chaka chamawa. Kenaka amanenerera mtengo. Mawu amabwera pomalizira penipeni, mwinanso sabwera n'komwe.

Ndipo Chingerezi cha pa masikipa amenewa si chija timaphunzira m'kalasi. N'Chingerezi cha m'mabala, cha nthabwala za matanthauzo awiri, cha zining'a za achinyamata a kumaiko akutali. Ngakhale womaliza giredi 12 akhoza kuwerenga liwu lililonse bwinobwino koma osagwira chimene chikunenedwa. Masikipa ena anasindikizidwa chifukwa cha phwando la usiku umodzi, la anyamata operekeza mnzawo amene akukwatira mawa lake. Eni ake anavala kamodzi, n'kuchita nayo manyazi, n'kuitaya. Lero sikipa imeneyo yavalidwa ndi ambuya athu akupita kumunda. Inu mukasungira chimanga m'thumba lolembedwa kuti feteleza, palibe wanzeru amene anganene kuti banja lanu limadya feteleza. Thumba linalembedwa ndi ena, pa ntchito ina, lisanafike m'manja mwanu.

Mvetserani nkhani iyi, njoona. Ku United States kuli mpikisano waukulu wa mpira wa kumeneko wotchedwa Super Bowl. Masewero omaliza asanachitike, amalonda amasindikiziratu masikipa a matimu onse awiri olembedwa kuti ndiwo akatswiri, kuti wopambana akangodziwika, malonda ayambe nthawi yomweyo. A timu yogonja saloledwa kugulitsidwa m'dzikomo. Mu February 2011 timu ya Pittsburgh Steelers inagonja kwa Green Bay Packers, ndipo bungwe la World Vision linatenga masikipa onena kuti Steelers yapambana n'kuwagawa ku maiko anayi: Armenia, Nicaragua, Romania ndi Zambia. Ndiye kuti m'dziko lathu muno munali ana oyenda ndi bodza pachifuwa, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Kodi anawo anali abodza? Iwo analandira malaya atsopano, n'kuvala.

Wina anena kuti, chabwino, zimenezo n'za Chingerezi, koma chitenge cha chipani aliyense amachidziwa, nkhope ya mtsogoleri ili poonekera. Apa mpamene ife a mu Zambia tili ndi phunziro lalikulu kuposa anthu ambiri, chifukwa tinaliphunzira m'zisankho zathu zomwe.

Kumbukirani 2011. Chipani cholamula cha MMD, motsogozedwa ndi Rupiah Banda, chinagawa zitenge, masikipa ndi makapu abuluu m'dziko lonse. A PF a Michael Sata anayankha ndi mawu awiri amene anafala paliponse, Donchi kubeba, kutanthauza kuti usawauze: landira chitenge, vala, vina pamsonkhano, koma za voti yako ukhale nazo mumtima. Kuno kum'mawa ambiri anavotera Rupiah Banda, koma m'dziko lonse, pa 20 September chaka chimenecho, anapambana ndi Sata. Amene ankawerenga mavoti poyang'ana zitenge za m'misewu anadabwa. Patapita zaka, PF ili m'boma, otsatira UPND anabwera ndi njira yawo ya chivwende: kunja kubiriwira ngati mtundu wa PF, m'kati kufiira ngati mtundu wa UPND. Inamveka mu 2016, inamvekanso mu 2021, pamene Hakainde Hichilema wa UPND anapambana pa chisankho cha pa 12 August. Zipani ziwiri zosiyana, nthawi ziwiri zosiyana, zonse zinaphunzitsa anthu chinthu chimodzi, chakuti chimene chili pathupi ndi chimene chili mumtima zikhoza kusiyana.

Koma dzifunseni: n'chifukwa chiyani munthu wamkulu, nzika ya dziko laufulu, ankafunika kubisala m'chovala cha chipani chimene sachifuna? N'chifukwa chakuti kunali anyamata a zipani m'misika ndi m'masiteshoni a basi amene ankaweruza anthu ndi mtundu wa nsalu. Wovala mtundu wolakwika pamalo olakwika ankang'ambiridwa malaya, kumenyedwa, kapena kulandidwa malo ogulitsira. Zimenezi zinachitidwa ndi achinyamata a zipani zosiyanasiyana, pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo ovulala ambiri anali anthu wamba. Mayi wa mu Nabvutika akalandira chitenge chaulere, kwa iye n'chitenge basi. Aberekera mwana, afunda kukazizira mu June, ayala pansi pamaliro, amangira mtolo wa ndiwo zamasamba. Mwina ali nazo zitatu za zipani zitatu, zonse m'chikwama chimodzi. Kumumenya chifukwa cha nkhope ili pa chitengecho n'kumulanga chifukwa cha umphawi wake.

Sindikunena kuti chovala cha chipani n'chopanda tanthauzo. Bungwe loyendetsa chisankho, Electoral Commission of Zambia, limaletsa kufika pamalo oponyera voti mutavala zovala za chipani tsiku la chisankho, chifukwa limadziwa kuti nsalu imakopa ndiponso imaopseza. Uthenga ulipo. Chimene ndikukana n'chakuti uthengawo ndi umboni wa mtima wa wovala.

(Nyimbo yamalimba, mphindi imodzi.)

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu yathu ya maphunziro, ndipo tikukamba za mawu a pa zovala. Tsopano titembenukire mbali ina, chifukwa zilipo zovala zimene zimanenadi za mwini wake.

Mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa Reformed Church in Zambia akavala yunifolomu yake, sanaitole pa mulu. Anaphunzira, analonjeza, anavekedwa pamaso pa mpingo. Munthu akamanga chitenge cha Nc'wala kupita ku Mtenguleni kumapeto kwa February, kapena cha Kulamba kupita ku Mkaika kumapeto kwa August, akunena yekha kuti ndine wa kwa Mpezeni, ndine wa kwa Gawa Undi, kapena ndabwera kudzalemekeza. Anzathu a ku Tanzania ndi ku Kenya ali ndi nsalu yotchedwa kanga, imene m'mphepete mwake mumalembedwa mwambi kapena chining'a cha Chiswahili. Kumeneko mkazi amawerenga kaye mawu asanayang'ane maluwa, chifukwa akudziwa kuti apongozi, mkazi mnzake kapena woyandikana naye nyumba awerenga. Amasankha kanga yothokoza, yopepesa, yodandaula, ngakhale yolasa mnzake popanda kutsegula pakamwa. Kusiyana kwake ndi salaula n'koonekeratu: mawu ali m'chilankhulo chimene wovala ndi wowerenga onse amachimva, ndipo wovalayo anawasankha.

Kusankha koteroko kwafikanso kwa ife. Lero m'tauni mwathu muli malo osindikizira masikipa, ndipo timalembetsa tokha a ukwati, a maliro, a kwaya, a timu ya mpira ya m'komboni. M'masitolo mulinso zovala zatsopano zochokera ku China ndi ku Tanzania, zimene mnyamata amayang'ana, kuwerenga, kuseka, n'kugula chifukwa cha mawu omwewo. Ndiye kwa inu ana anga amene mumamva Chingerezi cha pa intaneti, amene mukudziwa bwino lomwe kuti kapu yanu ikutukwana, ndilankhula mosabisa. Inu simungabisale kumbuyo kwa belo. Mawuwo mwawasankha, ndipo akukuyankhulirani kulikonse kumene mwapita, ngakhale mutakhala chete. Mukakwera minibasi, akutukwana mayi wakhala moyang'anana nanu, amene sanakulakwireni kanthu. Mukapita kukafunsa ntchito pa sitolo, akufika kwa bwana inu musanapereke moni. Mukapita kukaonekera kwa makolo a mtsikana, ankhoswe anu achita kuvutika kukonza zimene sikipa yawononga. Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumavala pofuna kuseketsa anzanu, kapena kuonetsa kuti simuopa munthu. Koma anzanu omva nthabwalayo ndi ochepa, pamene owerenga pamsewu ndi mazana, ndipo iwo sakudziwani mbali ina iliyonse.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi masikipa onyoza akazi, owatchula maina a nyama kapena a katundu wogula. Mnyamata wovala zotere ali ndi amake, ali ndi alongo ake, ndipo nthawi zambiri ndi iwo omwe amachapa sikipayo n'kuiyanika pa chingwe. Mwana wamng'ono wa giredi 3, amene akungophunzira kulumikiza zilembo, amaima pa chingwepo n'kumayeserera kuwerenga mokweza.

Malamulo a dziko akutipo chiyani? Gawo 20 la malamulo aakulu a Zambia limateteza ufulu wa munthu wonena maganizo ake, ndipo ufulu umenewu ndi wamtengo wapatali. Mu December 2022 dziko lathu linachotsa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko, umene unali m'gawo 69 la Penal Code. Choncho sikipa yodzudzula boma, yodandaula za mtengo wa ufa kapena za kuzimazima kwa magetsi, ndi mawu a nzika, ndipo ine ndimaima nayo ngakhale pamene sindikugwirizana ndi zolembedwazo. Koma Penal Code yomweyo ikadali ndi gawo loletsa mawu otukwana amene angautse ndewu pagulu. Ndipo sukulu, mpingo ndi malo a ntchito zili ndi malamulo awo a kavalidwe. Chofunika kuchigwira n'chakuti woweruza milandu ndi khoti. Gulu la anthu pamsika si khoti.

Osindikiza ndi ogulitsa nawonso ali ndi gawo lawo. Mu January 2018 kampani yaikulu ya zovala ya H&M inatsatsa juzi ya ana yolembedwa mawu onena za nyani wa m'nkhalango, n'kuiveka mwana wachikuda pa chithunzi chotsatsira. Anthu padziko lonse anakwiya, chifukwa kufanizira munthu wakuda ndi nyani ndi chipongwe chakale cha atsamunda. Ku South Africa otsatira chipani cha EFF analowa m'masitolo a kampaniyi n'kugwetsa katundu, ndipo kampaniyo inapepesa n'kuchotsa juziyo pa malonda. Kuswa masitolo sindikuvomereza. Koma onani kumene mlandu unapita: kwa akuluakulu amene analemba, kusindikiza ndi kutsatsa. Mwana wovala uja analibe mlandu.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kukonza pulogalamu ino, nkhani ya atsikana ndi amayi.

Mtsikana akadutsa pa siteshoni atavala sikipa ya mawu okopa, kapena siketi yaifupi, mumamva anyamata akuimba mluzu, akukuwiza, ena akumutsatira. Ukawafunsa amati, wadzilemba yekha, akufuna yekha, ife tangowerenga. Mawu amenewa ndi oopsa, ndipo mbiri ya maiko athu awiri, Zambia ndi Malawi, ikusonyeza kumene amathera. Mu January 2002, Levy Mwanawasa atangolowa m'boma, magulu a anyamata ku Lusaka anayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi pamsewu, akunama kuti akutsata zofuna za mtsogoleri watsopano. Mwanawasa anakana ndi kudzudzula mchitidwewo. Kutsidya kwa malire ku Malawi, boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo mu 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo linagwira ntchito zaka pafupifupi 20 mpaka nthawi yosinthira ku ndale za zipani zambiri. Lamulo linatha, koma maganizo ake anatsalira m'mitu ya ena. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa cha mabuluku. Bingu wa Mutharika, amene anali mtsogoleri wa dziko, ananena pa wailesi kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Amayi anasonkhana ku Blantyre, Joyce Banda amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri ali pakati pawo, ambiri atavala mabuluku dala. Ndipo anavala masikipa amene analembetsa okha, ofunsa mavenda kuti zitheka bwanji kuti munthu amene akukugula malonda lero, mawa umuvule. Amenewo ndiwo mawu a pa chovala amene mwini wake ndi wovala yemweyo, olembedwa m'chilankhulo chathu, pa nkhani ya moyo wathu.

Ndiye tiganize bwino za mtsikana wa pa siteshoni uja. Mwina sakudziwa tanthauzo la mawuwo: anagula chifukwa mtundu wake unagwirizana ndi nsapato. Mwina anapatsidwa ndi mkulu wake wa ku Lusaka. Mwinanso akudziwa, ndipo wavala mwachibwana, monga achinyamata amachitira zinthu zambiri mwachibwana. Pa zitatu zonsezi palibe pamene wavomera kugwiridwa. Kuvomera kumatuluka pakamwa pa munthu, kwa munthu amene iye wamufuna, pa nthawi imene iye wafuna, ndipo akhoza kukubweza. Fakitale ya kutsidya kwa nyanja singavomere m'malo mwa mwana wa munthu. Komanso tisadzinamize kuti vuto ndi nsalu. Amene amagwira ntchito yothandiza ochitiridwa nkhanza amalandira ana aang'ono, amayi omanga zitenge mpaka kumapazi, ndi nkhalamba zomwe. Wochita nkhanza amayamba wafuna kuchita, chifukwa chake amachifunafuna pambuyo.

Kugwira mkazi mosayenera, kumuvula kapena kumung'ambira zovala ndi mlandu pansi pa gawo 137 la Penal Code, ndipo chilango chake ndi zaka zambiri m'ndende. Kuyambira 2011 tilinso ndi lamulo lapadera lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Woweruza sadzakufunsa kuti pa sikipa panalembedwa chiyani. Adzakufunsa chimene manja ako anachita.

Makolo ndi alangizi, sindikukulandani udindo wanu. Kulangiza mwana za kavalidwe ndi mwambo wathu, ndipo ndi wabwino ukachitikira m'nyumba, mwachikondi, ndi anthu amene mwanayo amawadziwa. Koma polangiza tisamanene kuti ukavala chotere ukagwiriridwa n'zofuna wekha. Mtsikana womva mawu amenewa, tsiku limene choipa chamuchitikira amakhala chete, poopa kuti mlandu ukhala wake. Sapita kuchipatala msanga, pamene mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amafunika kuyambidwa maola 72 asanathe. Ndipo ana aamuna amene akumvetsera pakhomopo amatolapo phunziro lakuti pali akazi ena amene n'kololedwa kuwachita chipongwe. Nthawi imene timathera poyeza siketi ya mwana wamkazi, tiitherenso pokhala pansi ndi mwana wamwamuna.

Nanga tikaona munthu wavala mawu oipa mosadziwa, tichite bwanji? Tamverani kasewero aka.

(Phokoso la pampopi, madzi akuthira m'zigubu, amayi akucheza chapatali.)

MTSIKANA: Mwauka bwanji, ambuya?

AMBUYA: Ndauka, mdzukulu wanga, kaya iwe? Amako auka?

MTSIKANA: Auka bwino. Ambuya, tapatukirani kuno pang'ono, ndili ndi kamawu.

AMBUYA: Kwagwanji, mwanawe?

MTSIKANA: Palibe choopsa. Sikipa mwavalayi njabwino, nsalu yake njolimba. Koma amene anaipanga kwawoko analembapo mawu otukwana. Inu simukanadziwa, ngakhale ine ndachita kuwerenga kawiri.

AMBUYA: Mayo ine! Dzana ndinapita nayo kumaliro, anthu onse aja osandiuza?

MTSIKANA: Ambiri sanawerenge, ambuya, musadandaule. Fundani chitenge changachi m'mapewa mpaka kunyumba. Madzulo ndibwera, tikapite nayo kwa atelala akasokepo kansalu pamwamba pa mawuwo.

AMBUYA: Wachita bwino kundiitanira pambali, mwana wa mnzanga. Tiye undisenzetse chigubuchi.

(Phokoso lizilala.)

MUULUTSI: Mwaona kuti mtsikanayu sanaseke, sanaitane anzake, ndipo sanatulutse foni. Ndikunena za foni chifukwa kwabwera chizolowezi choipa chojambula munthu wachikulire kapena wosauka amene wavala mawu oseketsa, n'kuika chithunzi chake pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Chithunzicho chimafika kwa ana ake, kwa akumpingo, kwa apongozi, ndipo sichifufutika. Amene wasekedwayo cholakwa chake n'chakuti sanapeze mwayi wa sukulu umene wojambulayo anaupeza, mwinanso fizi ya wojambulayo inachokera m'manja mwa anthu onga iye. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kholo la mnzako nalonso ndi lako.

Foni yomweyo ikhoza kugwira ntchito yabwino. Muli pa mulu wa salaula, mwakonda sikipa koma mawu ake simukuwamva, funsani wachinyamata amene muli naye, kapena alembe mawuwo pa foni afufuze tanthauzo lake. Samalani kwambiri ndi zovala za ana, chifukwa mwana sasankha, ndipo anzake kusukulu akamva tanthauzo amamupatsa dzina limene limamukakamira zaka. Samalaninso ndi mawu okhala ndi tinyenyezi kapena zizindikiro pakati m'malo mwa zilembo, chifukwa kawirikawiri ndiko kubisa kwa chitukwano. Inu amayi ndi abambo ogulitsa, ndikudziwa kuti chovala chilichonse cha m'belo ndi ndalama imene munalipira, ndipo simungataye. Koma mukadziwa kuti ichi n'chotukwana, muuzeni wogula asanapereke ndalama. Ena adzagulabe kuti azivalira m'kati kapena kumunda, ena adzapita nacho kwa atelala, ndipo wogula amene mwamupulumutsa ku manyazi adzabweranso pa benchi lanu.

Kwa inu anyamata a pa siteshoni, a pa njinga ndi a pamsika, ambiri a inu si ovula akazi, ndikudziwa. Koma zikamachitika mumakhalapo, ndipo gulu limamvera anzake. Mmodzi akanena mokweza kuti asiyeni apite, winanso n'kuvomereza, nthawi zambiri zimathera pomwepo. Amayi a pamsika, chitenge chimodzi chofunditsa mwana amene wang'ambiridwa zovala n'chithandizo choyamba, kenaka mumuperekeze.

Amene wachitiridwa zotere, kapena waona zikuchitika, akanene ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Ngati wagwiriridwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asanasambe ndiponso asanachape zovala, chifukwa zovalazo ndi umboni. Pali manambala aulere a foni: 933 ya akuluakulu ochitiridwa nkhanza, ndi 116 ya ana. Ndibwereza: 933 ndi 116.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tumizani maganizo anu kuno ku wailesi, makamaka inu ogulitsa salaula ndi inu alangizi, ngakhale otsutsana ndi zimene ndanena, tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino, mugone bwino.

(Ng'oma zotsekera.)